Miyala ya a Mhofu

Ana anga, ndi inu adzukulu amene Chichewa mumachimva ngati wailesi yakutali, mutu uno ndaulemba chifukwa cha Tadala. Tsiku lina akupukuta pa balaza anapeza mwala pa shelefu, pakati pa Baibulo ndi chithunzi cha malemu agogo ake aamuna, ndipo ndinamugwira ali pakhomo akufuna kuuponya panja. Anandifunsa kuti mwala wopanda ntchito ukufuna chiyani m'nyumba. Ndinamuuza kuti ndidzamuyankha ndikadzakhala pansi. Tsopano ndinapuma ntchito, ndakhala pansi, ndiye mvetserani nonse.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ku Kwekwe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku ofesi yolemba anthu ntchito pa mgodi wina kunja kwa Kwekwe, mgodi womwewo umene atate anga anakalambirapo atachoka kwawo ku Dedza ali mnyamata. Ndinali kalaliki wotaipa. Malo anga anali pangodya, ndipo abwana akamafunsa anthu ofuna ntchito, ine ndinkalemba zoyankhidwazo. Pangodya pamenepo ndinaona mmene anthu akwathu ankapemphera ntchito. Munthu ankalowa chipewa chili m'manja onse awiri, n'kunjuta pafupi ndi chitseko, maso ali pansi. Akamufunsa ngati ntchitoyo amaidziwa, ngakhale ataigwira zaka zambirimbiri, ankayankha kuti, "Ndimangoyesako, bwana." Masiku amenewo yankho limeneli silinkamanitsa munthu ntchito. Mabwana ankayang'ana mikono ndi chifuwa, ndipo ulemu wa ana a ku Malawi unali ndi mbiri m'migodi yonse. Atate anga ankanyadira zimenezi. Ankatiuza ife ana kuti pamaso pa wamkulu maso amakhala pansi, ndipo ntchito yako aiyamikire ndi ena. M'kompaundi mwathu ngakhale wofuna banja sankadzilankhulira yekha, ankatuma nkhoswe. Ndinakula ndikudziwa kuti mwana wodzichemerera ndiye kuti kwawo kulibe akuluakulu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ku Gweru

Mgodi utayamba kuchepetsa anthu, ndinapeza malo pa yunivesite ina m'chigawo chathu, mu ofesi yofunira ophunzira malo a ntchito. Lamulo linali loti wophunzira aliyense akafika chaka chachitatu apite ku kampani kapena ku mgodi kukagwira ntchito chaka chathunthu. Timati atachimenti. Wosapeza malo sankapitirira ku chaka chomaliza, ankabwerera kwawo kukadikira. Ntchito yathu inali kugogoda pa makomo a makampani kupempha malowo, komanso kukonzekeretsa ana kuti akayankhe bwino pa intavyu.

Abwana anga anali a Ncube, bambo wamtali wa ku Matabeleland, wosakonda mawu ambiri. Sanandikalipirepo pagulu ngakhale kamodzi. Ukalakwa ankakuitana, n'kutseka chitseko, n'kukufunsa kuti, "Mai Mbewe, inuyo mukuona bwanji?" mpaka cholakwacho uchitchule ndi pakamwa pako. Pansi pawo ndinaphunzira kugogoda pa khomo limodzi kambirimbiri popanda kukwiya kapena kuchita manyazi.

Koma panali matenda amodzi amene ngakhale a Ncube anawalephera. Ife a mu ofesi ndi aphunzitsi sitinkamwerana madzi. Iwo ankakhala m'nyumba yosanja, ndiye tinkawatcha a kumwamba. Iwo ankatitcha ofesi ya zidindo, poti m'maganizo mwawo ntchito yathu inali kudinda mapepala basi. Mwana akakanidwa ku kampani, a kumwamba ankati sitinamukonzekeretse, ife tinkati sanamuphunzitse. Palibe ankatsika, palibe ankakwera. Ophunzira ankangoyenda pakati pathu ngati ana a banja losudzulana, uku auzidwa zina, uko auzidwa zina. Lachitatu lililonse masana ndinkawayesa intavyu mu ofesi mwanga. Ndinkawauza kuti ayang'ane bwana m'maso, agwire chanza molimba, anene zimene amatha popanda kuzungulira. "Fumbi ndiwe mwini," ndinkatero ine, mwana wa bambo uja wa maso apansi. Ambiri zinkawathandiza. Ena ankagwedeza mutu, n'kupita, n'kukabwerako chimanjamanja.

Zaka za mizere

Zaka zimene tinkaima pa mzere pogula chilichonse mukuzidziwa, ena mwa inu munaimako. Mafuta a galimoto anasowa, magetsi ankabwera ngati mlendo, mapepala tinkalemba mbali zonse ziwiri. Mafakitale a ku Gweru ndi ku Kwekwe ankatseka limodzi ndi limodzi, ndipo fakitale ikatseka, kwa ife linali khomo limene latsekeka. Aphunzitsi ambiri anawoloka malire kukafuna moyo. Mwa amene anatsala munali mphunzitsi wa za miyala ndi kayengedwe ka golide, amene aliyense ankamuitana ndi mfunda wake wa Chishona, Dokotala Mhofu.

A Mhofu anali bambo wamfupi, wa mutu wa imvi, ndipo jekete lawo linkalendewera mbali zonse chifukwa matumba anali odzaza miyala. Akatola mwala ankayamba aunyambita kuti aone bwino mtundu wake, ngakhale pamaso pa alendo. Akazi awo anatopa ndi kusoka matumba. Ine ndinkangowaonera patali mpaka tsiku limene anatsika masitepe n'kulowa mu ofesi mwanga osagogoda.

"Mai Mbewe," anatero, "ana anga abwino kwambiri ndimawatumiza kwa inu, inu n'kuwapititsa ku migodi, migodi n'kundibwezera. Chii chiri kuitika, chikuchitika n'chiyani? Mumawatani ana anga kuno?"

Ine mkamwa mwanga mukudziwa, simuchedwa. "A Dokotala, ana anuwo akafika pamaso pa bwana amangoti duu. Ine ndiwatsegule pakamwa ndi sipanala? Inu a kumwamba simunabwerepo n'kamodzi komwe kudzaona zimene timachita kuno, koma kuweruza ndiye mumatha."

Ndinkayembekeza kuti atuluka n'kumenyetsa chitseko. Iwo anaima kaye, n'kukanda m'mutu. "Mwanena zoona, sindinabwerepo," anatero. "Mumawayesa liti?" Ndinawauza kuti Lachitatu. Ndipo Lachitatu anabweradi, munthu wa madigiri ake, n'kukhala pa kampando kothyoka msana kuseri kwa chitseko. Pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito pamenepo, anali mphunzitsi woyamba kutsika kudzaphunzira kwa ofesi ya zidindo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinawapatsa ulemu.

Tsikulo anabwera ndi mtsikana amene ankamunyadira kuposa onse, Esinati Mwale wa ku Mvuma. Dzina lokhalo linandiuza kuti ndi mwana wakwathu. Esinati analowa, anapinda bondo, n'kukhala pamphepete pa mpando, maso ali pa nsapato zake. Ndinamufunsa monga amafunsira mabwana kuti atiuze za iye mwini. Anati, "Ndine Esinati." Ndinadikira, koma panalibe china. Ndinamufunsa chimene amachidziwa bwino pa maphunziro ake. Anayankha motsitsa mawu kuti, "Ndimangoyesako, amayi."

A Mhofu anadzuka pa kampando kaja. "Kuyesako? Mwanangu, si iwe amene umakonza zolakwa za anzako onse mu labotale? Si iwe amene unandigwira ine nditasokoneza masamu pa bolodi? Taura, lankhula!" Misozi ya mtsikanayo inayamba kudontha pa siketi. Ndinamutulutsa kuti akapume panja.

"Amaopa chiyani?" anandifunsa a Mhofu, atasokonezekadi. "Nafenso Ashona timaombera m'manja, timalemekeza akulu, koma izi zanyanya."

Ndinawauza kuti mwanayo sakuopa, analeredwa bwino basi. Mawu amene anayankhawo ndinawamva koyamba m'kamwa mwa amuna a ndevu zawo ku ofesi ya mgodi. Ndinawafotokozera kuti ife ana a m'makompaundi tinakula tikudziwa kuti ndife obwera, ndipo makolo athu anasunga ntchito zawo ndi ulemu umenewu, ndiye anatipatsira ngati chuma. Kumufunsa Esinati kuti adziyamikire pamaso pa wamkulu kunali kumupempha kuti anyoze bambo ake. "Kwathu munthu sadzilankhulira yekha pa nkhani yaikulu," ndinatero. "Ngakhale pa ukwati amakulankhulira ndi nkhoswe, iwe uli chete."

Matendawo ndinkawadziwa ine kwa zaka, koma mankhwala ake ndinalibe, ndinkangobwereza kuti ayang'ane m'maso. A Mhofu anapisa dzanja m'thumba. Kenako anati, "Ndiye tim'pezere nkhoswe." Anatulutsa mwala woyera wa timizere takuda, anauika pakati pa tebulo langa, n'kumuitana mtsikanayo.

"Mwanangu, za iwe tazisiya. Tiuze za uyu."

Esinati anauyang'ana mwalawo. Anapempha kuti augwire. Anautembenuza, anaukanda ndi chikhadabo, n'kuyamba kulankhula. Ananena mtundu wake, kumene miyala yotere imapezeka, mmene angaupere, mankhwala amene angayambe kuyesa ndi chifukwa chake, ndi chimene chingavute. Mawu anakwera, manja anayamba kuyenda. Maso ake anali pansi ndithu, koma tsopano pansipo panali mwala, ndiye palibe akanati ndi mantha. Sanatchule dzina lake ngakhale kamodzi, koma atamaliza ndinkamudziwa bwino kuposa ana ambiri amene ankandiyang'ana m'maso. A Mhofu anatuluka akumwetulira, ndipo mwala uja anauiwala pa tebulo panga.

Kuyambira pamenepo Lachitatu linakhala la tonse awiri. Ine ndinkafunsa monga bwana, iwo ankafunsa monga katswiri, ndipo mwana akatuluka tinkakambirana, nthawi zina mpaka kukangana. Mbiri inafika kumwamba. Mphunzitsi wa zaulimi anatsika ndi chimanga chofumbwa, wa zamakina anabwera ndi chitsulo chothyoka. A Ncube anangoitanitsa mipando ina. Kenako a Mhofu anapempha kuti azindiperekeza pokagogoda ku migodi. Tinkapanikizana m'kombi, minibasi ya kuno, iwo miyala ikundibaya m'nthiti. Kumeneko anamva okha mamanijala akudandaula kuti ana athu amadziwa mabuku koma za chitetezo cha pamgodi sadziwa. Sanatsutse kapena kudzitchinjiriza. Anabwerera n'kusintha phunziro lawo temu yomweyo. Inenso anandikokera ku labotale kuti ndikaone zimene ana amachita, kuti pokawapemphera malo ndizidziwa chimene ndikugulitsa. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma tinatha zaka tili m'bwalo limodzi tisanaukumbukire mwambi umenewu.

Chaka chomwecho, nyengo yozizira

Pofika nyengo yozizira, kwa ana a za miyala kunatsala khomo limodzi lokha, mgodi wina wapakatikati kunja kwa Kwekwe. Manijala wake, a Moyo, anali munthu wachilungamo koma wosachedwa kupsa mtima. Anandiuza pa foni kuti ali ndi malo amodzi, ndipo ndimutumizire mwana mmodzi yekha. "Koma Mai Mbewe, mvetsetsani," anatero. "Amene munanditumizira kale aja ankangondiyang'anira kapeti. Ine ndilibe nthawi yokumba mawu m'kamwa mwa munthu. Mukanditumiziranso wotere, kuno musadzabwerenso, ndizikatenga ana ku makoleji ena."

Ana amene anatsala opanda malo anali awiri, Esinati ndi mnyamata wina dzina lake Tinashe. Tinashe anali mwana wabwino, wa nkhope yowala, wokhoza pang'ono m'kalasi, koma pa intavyu ankalankhula ngati muulutsi wa pa wailesi. Kutumiza Tinashe kunali kusunga khomo. Kutumiza Esinati kunali kuika pa ngozi khomo lomaliza, la iye ndi la ana onse obwera m'mbuyo mwake, chifukwa mwalawo unagwira ntchito mu ofesi mwanga, koma pamaso pa bwana wachilendo palibe ankadziwa. Komanso ndinkadziwa chimene chinkachitikira atsikana obwerera kwawo kukadikira chaka. Ambiri sitinkawaonanso.

Ndinapita kwa a Ncube kuti andisankhire. Anatseka chitseko monga mwa masiku onse. "Khomo limenelo munatsegula ndinu," anatero. "Inuyo mukuona bwanji?" Kenako anawonjezera, akuyang'ana pawindo, kuti ndidziwe zoti m'makonde mwayamba manong'onong'o akuti Mai Mbewe akufuna kukondera mwana wakwawo. Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, makamaka chifukwa nanenso ndinali nditadzifunsa funso lomwelo.

Sabata yomweyo bambo ake a Esinati anabwera kuchokera ku Mvuma. Anali nkhalamba yowonda, ya chifuwa cha fumbi la mumgodi, ikamapuma imamveka. Analowa chipewa chili m'manja onse awiri, n'kunjuta pafupi ndi chitseko, mpando ndawapatsa koma akukana. Tinalonjerana m'Chichewa chakale chija, cha ku Ntcheu, chimene ndinali nditachisowa. Ndinadikira kuti apemphe. Sanapemphe. "Ndangoti ndidzaone kumene mwana amaphunzira, mayi," anatero. "Ife zathu zinatha. Mwanayo ndi wanu, mukaona kuti sakuyenera, mutiuze, sitidandaula." Anatsazika n'kupita kukakwera basi. Ndinatsala nditagwira tebulo, chifukwa ndinaona atate anga enieni, ndipo ndinadziwa kuti ulendo wonsewo anayendera pempho limene mwambo sunawalole kulitchula.

Komabe chisoni si chifukwa chosankhira mwana. Ndinakwera masitepe, koyamba pa moyo wanga wa ntchito, kukawapeza a Mhofu mu ofesi mwawo. Ndinawafunsa mosabisa kuti pa ana awiriwo woyenera mgodi umenewo ndani.

"Pa ntchito, Esinati, ndipo sindikukayika," anatero. "Ndikhoza kuimirira pamaso pa aliyense kunena zimenezo, ndiye za kukondera zisakuvuteni, wasankha ndine pamodzi ndi inu. Koma a Moyo mumawadziwa ndinu, ine ayi. Sindikukakamizani. Chimene ndingalonjeze ndi ichi. Mukatumiza Esinati, Tinashe ndi katundu wanga, ndimupezera malo ndi miyendo yangayi. Ndipo khomo likatsekeka, mlandu tidzausenza awiri, osati inu nokha."

Palibe mphunzitsi anandiuzapo mawu otere. Ndinatsika n'kuwaimbira a Moyo kuti ndikubwera ndi mtsikana. Lonjezo la Tinashe a Mhofu analisunga. Anazungulira wapansi dera lonse la mafakitale ku Gweru, dzuwa ndi mphepo, mpaka mnzawo wina wakale anamulandira mnyamatayo mu labotale yoyeza zitsulo. Tinashe pano ndi munthu wamkulu, ndipo amandilonjerabe akandiona m'tauni.

Tsiku la ku mgodi

Tinanyamuka atatu, ine, a Mhofu ndi Esinati. Makombi kunalibe chifukwa cha mafuta, ndiye tinakwera kumbuyo kwa lole yonyamula makabichi mpaka ku Kwekwe, kotsalako tinayenda wapansi. Esinati anavala siketi yobwereka ndi bulauzi ya kutchalitchi. Ine ndinkaganiza kuti a Mhofu amupatsa mwala wa m'thumba mwawo umene anauzolowera, koma titafika pa geti anamulozera mulu wa miyala yotayidwa m'mbali mwa msewu.

"Nkhoswe yabwino imakhala ya m'mudzi momwemo," anatero. "Tola wekha."

Esinati anasankha mwala wotuwa wokhala ndi tinthu tonyezimira, anaupukuta ndi mpango, n'kuuika m'chikwama. Mlembi anamuitana, chitseko chinatsekedwa, ife tinakhala pa benchi pakhonde. Poyamba kunali zii, ndipo ndinayamba kukonza m'mutu mawu okawauza a Ncube. Kenako tinamva mawu a a Moyo akukwera. Anatsika, n'kukweranso. Pakati pake pankamveka kamawu kakang'ono, kosasiya. Ine ndinati basi mwana akukalipiridwa, khomo lapita. A Mhofu ankangotembenuza chipewa pa bondo.

Chitseko chitatseguka anatuluka a Moyo okha, mwala uja uli m'manja.

"Mai Mbewe, mwanditumizira chiyani?" anatero. Ndinaimirira. "Mwana uyu walowa, wandigwadira. Ndamufunsa za iye, wandiuza dzina basi. Ndimati ndimutulutse, iye n'kupempha kuti andionetse mwala wa pa geti panga. Kenako wanditsutsa kawiri, mu ofesi mwanga, maso ali pansi! Akuti golide wina tikumutaya chifukwa wabisala m'tinthu tonyezimirati."

"Pepani, bwana," ndinayamba ine.

"Mukupepesa chiyani? Pa china walakwa, ndamuuza, ndipo wamva msanga. Pa chinacho sindikudziwa, tikayeza Lolemba, iye ndi ine. Abwere ndi majombo."

Ndinakhalanso pansi. Koma a Mhofu anali ataimirira kale, akufunsa kuti walakwa pati. A Moyo atafotokoza, iwo anagwedeza mutu. "Cholakwa chimenecho si chake, ndi changa, ndinawaphunzitsa choncho. Miyala ya mbali ino sindinaigwirepo mokwanira. Mungandipatseko thumba limodzi ndikaphunzitsire?" A Moyo anawayang'ana modabwa, kenako anaseka n'kutuma munthu. Tinabwerera ku Gweru titasenza thumba la miyala mosinthana, ndipo chaka chotsatira mgodi umenewo unatipempha ana ambiri kuposa amene tinali nawo.

Kenako Esinati anatuluka. Anapinda bondo kwa a Mhofu, anapinda kwa ine, n'kufunsa ngati pali njira yotumizira uthenga ku Mvuma. Bambo ake anaumva uthengawo, ndipo anakhala ndi moyo mpaka kumuona atavala mkanjo wa digiri.

Chaka chatha

A Mhofu anapuma ntchito ine ndisanapume, n'kubwerera kumudzi kwawo kupitirira Mvuma. Pochoka anasiya Lachitatu litakhazikika, moti aphunzitsi atsopano ankaganiza kuti kutsika ku ofesi yathu ndi lamulo lakalekale la yunivesite. Chaka chatha tinamva kuti atisiya.

Kwawoko manda akakwiriridwa amaunjikapo miyala pamwamba. Mwambo utafika pamenepo, ndinaona mayi wina wovala zakuda akupita kukanong'oneza akuluakulu a banja. Anali Esinati. Pano ndiye amayang'anira zoyenga pa mgodi uja wa a Moyo, ndipo ana a atachimenti amawafunsa ndi iye. Ndinamva kuti pa tebulo pake pamakhala mwala nthawi zonse, ndipo mwana akangoti maso pansi, iye amangoukankhira patsogolo pake. Akuluakulu atavomera, ophunzira akale a a Mhofu anaima pa mzere, amuna ndi akazi ochokera ku Kwekwe, ku Shurugwi, ku Zvishavane, ena kunja kwa dziko. Aliyense anatulutsa mwala wa ku mgodi kumene amagwira ntchito, n'kuuika pa manda. Tinashe anaika kachitsulo. Akazi a malemu, amene anasoka matumba aja moyo wawo wonse, anaseka misozi ili m'maso.

Esinati atandiona anabwera, mayi wa udindo wake, galimoto ya kampani ikumudikira, n'kugwada pafumbi kundipatsa moni. "Amayi, inu simunabweretse?" anandifunsa.

Ndinali nditabweretsa. Mwala woyera uja wa timizere takuda, umene a Mhofu anauiwala pa tebulo panga Lachitatu loyamba lija, unali m'chikwama mwanga. Zaka zonsezo sanaufunse, inenso sindinawakumbutse. Ndinapita nawo mpaka pa manda, ndinautulutsa, ndinawerama. Dzanja linakana kutambasuka. Ndinaima pamenepo anthu akudikira kumbuyo kwanga, kenako ndinaubwezera m'chikwama, ndipo ndinalira njira yonse mpaka ku Gweru.

Ndiye Tadala, mwala wake ndi umenewo. Ukamapukuta pa shelefu, uziunyamula, upukute pansi pake, n'kuubwezera pomwepo.